Mmene mungatetezere crypto ndi ma NFT anu kuti asakubereni

Kuno ku Mangochi n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana ku Joni. Kuyambira ku Makanjira, ku Namwera mpaka ku Monkey Bay, nkhani ya katumizidwe ka ndalama siichoka pakamwa, ndipo ena mwa anawa masiku ano akutumiza pafoni USDT, mtundu wa crypto (ndalama ya pa intaneti) umene mtengo wake umatsatira dola ya ku America, m'malo mopatsira dalaivala wa basi. Alipo achinyamata amene amalipidwa ndi crypto pa ntchito za pa intaneti. Aliponso amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kuganiza zosungira kangachepe kawo mu chinthu chotsatira dola.

Sindikukopa aliyense kuti agule. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, ndiye wolowamo akudziwa kuti zikavuta alibe pogwira. Koma ngati muli nayo kale, kapena m'bale wanu akukutumizirani, dziwani ichi: mukatumiza ndalama pa nambala yolakwika pa Airtel Money kapena Mpamba, kuli koimba foni, ndipo nthawi zina zimabwerera. Pa blockchain, kaundula wa pa intaneti amene crypto imayendapo, zikatuluka zatuluka. Kulibe ofesi, kulibe bwana woti n'kumudandaulira. Ndipo akuba ambiri salimbana ndi blockchain yeniyeniyo. Amalimbana ndi inuyo, kuti muwatsegulire nokha, ndipo chida chawo chachikulu ndi kukufulumizitsani.

Choyamba, dziwani amene akusunga makiyi

Crypto siikhala mufoni. Imakhala pa blockchain, kaundula amene makompyuta ambirimbiri padziko amasunga mofanana. Chimene chimapatsa munthu mphamvu pa ndalamazo ndi kiyi wosainira kuti zichoke pa adiresi yake, imene ili ngati nambala ya akaunti.

Ngati ndalama zanu zili pa exchange, kampani yogulirapo ndi kugulitsirapo crypto monga Binance, makiyi ali ndi kampaniyo, inu muli ndi akaunti chabe. Ubwino wake ndi wakuti mukaiwala pasiwedi amakuthandizani. Kuipa kwake kunaoneka mu 2014 pamene exchange ya Mt. Gox ya ku Tokyo inatseka italengeza kuti ma bitcoin pafupifupi 850,000 asowa. Kunaonekanso mu Novembala 2022 pamene FTX inagwa, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried anagamulidwa mu 2024 kukakhala kundende zaka 25. Mu Febuluwale 2025 Bybit inaberedwa crypto ya madola pafupifupi 1.5 biliyoni. Iyo inakwanitsa kupitiriza kulipira makasitomala ake, koma si kampani iliyonse imene ingatero.

Ngati zili mu waleti yanuyanu, app yosungira makiyi monga Trust Wallet kapena MetaMask, makiyi ali ndi inu. Palibe kampani ingakutsekereni waletiyo, komanso palibe angakupulumutseni mukawataya kapena mukawapereka kwa mbava.

Ganizo langa ndi lakuti musasankhe chimodzi, gawani. Chimanga cha chaka chonse chimakhala m'nkhokwe, m'lichero mumangokhala cha kuchigayo lero. Pa exchange siyanipo zimene mukugulitsa sabata ino. Mu waleti ya pafoni yoyenda nayo musunge zochepa, zoti zitatayika simungagone ndi njala. Zosunga zenizeni zikhale mu waleti ina imene simuilumikiza ku webusaiti iliyonse.

Konzani foni musanaikemo kalikonse

Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera, chifukwa foni zathu n'zobwerekana. Mwana akufuna gemu, mlamu akufuna kuimba, magetsi akazima timakaisiya kotchajitsa pamsika tsiku lonse. Foni yokhala ndi waleti ikhale ndi PIN ya manambala osachepera 6, osati chaka chobadwa, ndipo waletiyo ikhalenso ndi loko yakeyake. Poisiya kotchajitsa izimitseni. Poipereka kwa okonza mafoni, yambani mwachotsa app ya waleti, mutatsimikiza kuti mawu obwezeretsera waleti, amene tifotokoza pansipa, muli nawo papepala.

Ma app otumizirana pa Xender kapena pa WhatsApp asalowe mufoni imeneyi. Ma WhatsApp osinthidwa ngati GB WhatsApp, magemu obedwa, ma app olonjeza bandulo yaulere, onsewa simudziwa amene anawakonza ndiponso chimene anabisamo. Ena amawerenga zithunzi zanu kufunafuna screenshot ya mawu a waleti. Ena amadikira kuti mukope adiresi, n'kuisinthanitsa ndi yawo pomata. Ngati foni munagula yakale, ifufuteni yonse iyambire pachiyambi.

Waleti yeniyeniyo itengeni polemba nokha adiresi ya webusaiti ya eni ake, kenako n'kutsata linki yawo yopita ku Play Store kapena App Store. Musadine malonda amene amabwera pamwamba mukafufuza pa Google, chifukwa akuba amalipira kuti webusaiti yawo yabodza ikhale yoyamba kuoneka.

Mawu 12 aja

Mukatsegula waleti yatsopano, imakuonetsani mawu a Chingerezi 12 kapena 24, otchedwa seed phrase kapena recovery phrase. Amasankhidwa mwachisawawa pa mndandanda wa mawu 2,048, ndipo makiyi anu onse amachokera mwa iwo. Aliyense amene ali ndi mawuwo mu ndondomeko yake angathe kutsegula waleti yanu pafoni yake ali ku Lilongwe kapena ku Dubai, osafuna foni yanu, PIN yanu, ngakhale chala chanu. Ngati pali gawo limodzi loti muwerenge kawiri, ndi lino.

Chitani chonchi. Sankhani nthawi imene muli nokha m'nyumba, mutseke chitseko, mukhale mofulatira khoma osati zenera. Tengani pepala lolimba ndi pensulo, chifukwa inki ya mapeni ena imasungunuka ikanyowa. Lembani manambala 1 mpaka 12 motsika, kenako liwu lililonse pa nambala yake, ndi zilembo zikuluzikulu. Mukamaliza, werengani kuchokera pafoni kupita papepala chilembo ndi chilembo, kenako bwerezani kuyambira pansi kukwera. Mawu ena amasiyana ndi chilembo chimodzi chokha, ndipo munthu wothamanga saona. Papepalapo musalembe dzina la waleti kapena liwu loti crypto. Wolipeza asadziwe msanga chimene wagwira.

Musajambule screenshot. Musawatumize ku nambala yanu ina pa WhatsApp, musawasunge mu imelo, mu Google Drive kapena mu notsi za pafoni. Chilichonse cholumikizika ku intaneti chingathe kuwerengedwa ndi munthu amene walowa mu akaunti yanu, ndipo zithunzi zambiri zimakwera zokha pa intaneti mwini wake osadziwa.

Tsopano kosunga. Kuno pepala lili ndi adani ambiri: chiswe, makoswe, chinyezi cha kunyanja, moto, ndi madzi. Tinaona mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe. Kulungani pepalalo mu pulasitiki, muliike m'kabotolo kotseka bwino, ndipo mukhale ndi mapepala awiri pa malo awiri osiyana, lina likhale kumtunda. Pansi pa matiresi ndi m'sutikesi ya zovala ndi malo amene wakuba amayambira.

Ngati ndalamazo n'zambiri ndithu, khomani mawuwo pa kachitsulo kosachita dzimbiri. Zilembo zinayi zoyambirira za liwu lililonse n'zokwanira, chifukwa pa mndandanda uja palibe mawu awiri oyamba ndi zilembo zinayi zofanana. Koma khomani nokha. Mmisiri wa zidebe mungamugule chitsulo n'kubwereka zida, mawuwo asawaone.

Musanaikemo ndalama zambiri, yesani. Tumizani kochepa, kenako chotsani app ija, muiikenso, mulowetse mawu a papepala. Kandalama kaja kakaoneka ndiye kuti mwalemba bwino. Kakapanda kuoneka, mwadziwa vuto lisanakule. Imeneyi ndi nthawi yokhayo yolembera mawuwa pafoni: pobwezeretsa waleti, mu app yeniyeni, mutafuna nokha. Webusaiti, fomu, kapena munthu wodzitcha wa customer care amene akuti mulembe mawu anu kuti "atsimikize" kapena "akonze" waleti ndi wakuba. Pamenepa palibe zoti mwina. Ogwira ntchito enieni a Trust Wallet, MetaMask kapena Binance safunsa mawuwa, ndipo sayamba iwo kukulemberani pa Telegram.

Za kachipangizo kosungira makiyi kunja kwa intaneti, monga Ledger kapena Trezor: n'kabwino kwa amene angakwanitse. Gulani kwa eni ake kapena kwa ogulitsa amene eni akewo anawalemba pa webusaiti yawo, ngakhale zitatanthauza kudikira m'bale wochokera ku Joni. Kayenera kupanga mawu atsopano pamaso panu. Kakabwera ndi kapepala kolembedwa kale mawu, musakagwiritse ntchito. Mayina ndi maadiresi a makasitomala a Ledger atabedwa mu 2020, ena analandira pa positi zipangizo zabodza zooneka ngati zenizeni. Amene sangakwanitse, foni ina yotsika mtengo yofufutidwa bwino, yopanda SIM ndi WhatsApp, yoyatsidwa pokhapokha potumiza, n'njabwino kuposa kusunga zonse mufoni yoyenda nayo kumsika.

Tsekani akaunti ya exchange, imelo ndi laini

Akaunti ya exchange imatetezedwa ndi zinthu zitatu: pasiwedi, imelo, ndi nambala yotsimikizira. Pasiwedi ikhale yaitali, yosagwiritsidwa ntchito kwina kulikonse. Imelo ikhale yapadera, imene simunailembe pa Facebook kapena pa makalata ofunsira ntchito, ndipo nayonso ikhale ndi pasiwedi yake.

Nambala yotsimikizira musailandire pa SMS ngati pali njira ina. Wakuba akakwanitsa kutengetsa SIM yatsopano ya nambala yanu, mauthenga onse amapita kwa iye. Gwiritsani ntchito app monga Google Authenticator, imene imapanga nambala yatsopano masekondi 30 aliwonse mufoni momwemo. Poilumikiza, exchange imakuonetsani kiyi wa zilembo ndi manambala. Mulembeni papepala, kuti foni ikagwera m'madzi musatsekeredwe kunja.

Laini yanu ikangoti zii, anzanu a netiweki yomweyo ali nayo, musadikire mawa. Tengani chiphaso chaunzika mupite ku shopu ya kampani ya foniyo, ndipo muli m'njira pemphani foni ya munthu wodalirika muwaimbire. Ikaninso PIN pa SIM yeniyeniyo, kuti woba foni asangoichotsa n'kuiika mu ina.

Pa Binance ndi ma exchange ena muli zinthu ziwiri zimene anthu ambiri sayatsa. China ndi anti-phishing code, liwu losankha nokha limene limaoneka mu imelo iliyonse yochokera kwa iwo, ndiye imelo yopanda liwulo mukudziwiratu kuti ndi yabodza. China ndi whitelist, mndandanda wa maadiresi okhawo amene ndalama zingapiteko. Yatsani zonse ziwiri. Pa WhatsApp yatsani two-step verification, ndipo nambala ya manambala 6 imene imabwera pa SMS musauze munthu, ngakhale atati ndi msuweni wanu waitumiza molakwika.

Potumiza ndi polandira

USDT imayenda pa manetiweki angapo a blockchain, monga Tron, Ethereum ndi BNB Chain. Adiresi ya Tron imayamba ndi T, ya Ethereum ndi ya BNB Chain zimayamba ndi 0x, ya Bitcoin imayamba ndi 1, 3 kapena bc1. Wotumiza ndi wolandira agwirizane netiweki asanadine, chifukwa zotumizidwa pa netiweki yolakwika zimavuta kupeza, mwinanso osapezeka.

Adiresi musaikope pa mndandanda wa zimene munatumizapo kale. Akuba amapanga adiresi yofanana ndi ya mnzanu koyambirira ndi kumapeto, n'kukutumizirani kandalama kosaoneka n'komwe kuti adiresi yawo ilowe m'mndandanda wanu. Mu Meyi 2024 munthu wina anatumiza crypto ya madola pafupifupi 68 miliyoni kwa wakuba mwa njira imeneyi. Mukamata adiresi, yang'anani koyambirira, pakati ndi kumapeto.

Ndipo imbani foni. Uthenga wa pa WhatsApp wakuti "achimwene, ndasintha waleti, tumizani apa" ungachokere kwa munthu amene walanda akaunti ya mng'ono wanu. Muimbireni mumve mawu ake, munene kuti, "Ndiwerengere adiresiyo, ine ndikuyang'ana kuno." Kenako tumizani kochepa kaye, atsimikize kuti kafika, n'kutumiza zotsalazo. Mudzalipira kawiri ndalama yotumizira, koma ndi yochepa poyerekeza ndi chimene mukuteteza.

Posinthanitsa ndi makwacha

Malonda a P2P, ogulitsana munthu ndi munthu kudzera pa exchange, amayenda chonchi: exchange imagwira crypto ya wogulitsa, wogula amatumiza makwacha, wogulitsa akaona ndalama amadina kuti crypto imasulidwe. Chinyengo chonse chagona pa kudina kumeneko.

Foni ikulira, SMS yalowa yakuti mwalandira ndalama, ndipo wogula akulemba motsatizana, "Bwana ndatumiza, masulani msanga ndili pa mzere kuchipatala." Imani. SMS yabodza tonse tikuidziwa, ndi yomwe ija ya "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Screenshot nayo imakonzedwa mosavuta. Imbani *211# ngati ndi Airtel Money, *444# ngati ndi Mpamba, kapena tsegulani app ya banki, muone ndi maso anu kuti ndalama zawonjezekadi. Zikapanda kuoneka musamasule, ngakhale atukwane.

Onaninso dzina. La wotumiza makwacha lifanane ndi la pa akaunti ya exchange. Akati alipira kudzera mwa mkazi wake kapena bwana wake, kanani. Nthawi zina ndalamazo amakhala anamiza munthu wina wosalakwa kuti atumize kwa inu, ndipo munthuyo akakadandaula kupolisi, nambala imene ili pa umboni ndi yanu. Zokambirana zonse zikhale mkati mwa exchange. Wokuuzani kuti mupite pa WhatsApp kuti akupatseni mtengo wabwino akufuna kukuchotsani pamene pali mboni.

Ngati mukukumana pamaso, kumanani masana pamalo pa anthu, ndipo musaonetse munthu kuchuluka kwa zimene zili mu waleti. Kudzitama pa Facebook kapena pa bawo kuti muli ndi madola pafoni kumaitana anthu a zikwanje, ndipo kwa amenewo pasiwedi siithandiza.

Ma NFT ndi nkhani ya kusaina

NFT ndi chizindikiro cha pa blockchain chosonyeza kuti chinthu chakuti, kaya chithunzi, nyimbo kapena katundu wa mu gemu, chili pa adiresi yakuti. Imabedwa mwa njira zonse tatchulazi, koma ilinso ndi khomo lina.

Mukafuna kugulitsa NFT pa msika monga OpenSea, waleti imakufunsani kuti mulole msikawo kusuntha katundu wanu. Chilolezo chimenechi pa Ethereum chimatchedwa setApprovalForAll, ndipo chimakhudza ma NFT onse a gulu limenelo amene muli nawo. Mukachipereka kwa webusaiti yabodza, wakuba safunanso mawu anu 12. Mwamusainira nokha. Ma token monga USDT alinso ndi chilolezo chofanana, chimene nthawi zambiri chimakhala chopanda malire. Choncho kawindo ka waleti kakatuluka kofuna kuti mudine Confirm kapena Sign, werengani. Ngati mwabwera kudzalandira mphatso koma waleti ikukamba zopereka chilolezo pa katundu wanu, tulukani. Ngati simukumvetsa chimene mukusaina, musasaine.

Linki ingakhale yabodza ngakhale itachokera pa tsamba lenileni. Mu Epulo 2022 akuba analanda akaunti ya Instagram ya gulu lotchuka la ma NFT la Bored Ape Yacht Club n'kuikapo linki yolonjeza mphatso, ndipo amene anasaina anataya ma NFT awo. Mawu akuti "kwatsala mphindi khumi" ndi chizindikiro choti mudekhe. NFT kapena token imene yangotulukira mu waleti yanu osaigula, yokhala ndi dzina la webusaiti yokatengerako mphotho, isiyeni pomwepo, musaitsate.

Kwa ojambula ndi osema a ku Cape Maclear ndi m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, pali msampha wanuwanu. Munthu amakulemberani pa Instagram, kuyamikira ntchito yanu, n'kunena kuti akufuna kugula zithunzi zitatu ngati NFT pa madola masauzande. Akupatsani webusaiti yoti muziikepo, imene simunaimvepo, ndipo webusaitiyo ikufuna mulipire kaye ndalama yoikira. Mukalipira imaonetsa kuti zagulidwa, kenako ikufunanso ina kuti mutulutse. Wogula ndi mwini webusaiti ndi munthu mmodzi. Zimandipweteka chifukwa amasankha dala anthu amene akhala zaka akudikira kuti wina aone luso lawo. Wogula weniweni sakana msika wodziwika.

Mukafuna kuyesa mawebusaiti atsopano, khalani ndi waleti yachitatu ya mawu akeake, yongoyesera, yokhala ndi kochepa. Ndipo nthawi ndi nthawi lowani pa revoke.cash kapena pa tsamba la Token Approvals la Etherscan, muone zilolezo zimene munapereka, mufufute zosafunika. Kufufutako kumadya kandalama kochepa ka gas, kamene mumalipira netiweki ya blockchain. Dziwani kuti kudina Disconnect mu waleti sikuchotsa chilolezo, chimakhalabe pa blockchain mpaka mutachifufuta.

Phindu lolonjezedwa

Ndalama zambiri za anthu wamba sizipita ndi akatswiri a makompyuta. Zimapita ndi munthu wovala bwino amene akulonjeza phindu lokhazikika. Mirror Trading International ya ku South Africa inkati ili ndi pulogalamu ya pakompyuta yochita malonda yopindula mwezi uliwonse, ndipo inkapereka mphotho kwa wobweretsa anzake. Inagwa mu Disembala 2020, mkulu wake Johann Steynberg atathawira ku Brazil, italandira ma bitcoin oposa 29,000. OneCoin inagulitsidwa m'mayiko ambiri ilibe n'komwe blockchain yeniyeni, ndipo mwini wake Ruja Ignatova anasowa mu 2017.

Tengani cholembera muwerengere. Akakuuzani kuti phindu ndi 1 peresenti patsiku ndipo lizibwereranso momwemo, K100,000 ikhala yoposa K3.7 miliyoni pakutha pa chaka. Munthu wokhala ndi makina otero sangabwere kudzafuna K100,000 yanu.

Chovuta n'chakuti wobweretsa nkhaniyi kawirikawiri si mlendo. Ndi mnzanu wa kumpingo kapena kumzikiti, mayi wa ku banki m'khonde, mphunzitsi mnzanu, ndipo iye akukhulupiriradi chifukwa anatulutsapo kochepa n'kugula foni. Amalola dala kuti oyamba atulutse, pogwiritsa ntchito ndalama za obwera pambuyo. Mungamuyankhe mwaulemu kuti, "Amalume, ndamva, koma ndifotokozereni kumene phindulo likuchokera popanda kulowetsa anthu atsopano." Funso limeneli likasowa yankho, nkhani yatha. Ndalama za gulu, za fizi, za feteleza kapena za katapila zisayandikire kumeneko.

Chimodzimodzi ndi chibwenzi cha pa intaneti chimene patapita milungu chikuyamba kukuphunzitsani malonda pa app yake, ndi ntchito zodina zithunzi zimene zimafuna kuti muikemo ndalama kuti mukwere gawo. Manambala amene mukuona akukwera pa app yotero ndi olembedwa ndi eni ake. Tsiku lofuna kutulutsa adzakuuzani kuti mulipire kaye msonkho. Musalipire, chifukwa ikatha imeneyo kubwera ina.

Mukazindikira kuti mwaberedwa

Chitani zinthu mwa ndondomeko iyi, mofulumira. Ngati mawu 12 aoneka kwa munthu wina, waleti imeneyo yafa. Pa foni ina yoyera tsegulani waleti yatsopano ya mawu atsopano, musamutse zotsala kuyambira ndi zamtengo wapatali. Kusintha PIN ya app sikuthandiza. Ngati mukaikamo kandalama ka gas kakungosowa nthawi yomweyo, wakubayo waika pulogalamu yosesa, ndiye musapitirize kuthiramo. Ngati vuto ndi chilolezo chimene munasaina, chifufuteni kenako musamutsebe katundu. Ngati ndi akaunti ya exchange, itsekeni kudzera mu app kapena webusaiti yawo yeniyeni, musinthe pasiwedi ya imelo kaye, kenako ya exchange.

Sungani umboni: nambala ya transaction, maadiresi, nambala za foni, mauthenga onse, tsiku ndi nthawi. Kanenani kupolisi mutenge lipoti. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limakhudza milandu ya pa intaneti, ndipo lipoti la polisi ndi limene ma exchange amafuna kuti aumitse akaunti imene ndalama zobedwa zafikira. Kampani ya Tether, imene imapanga USDT, nayo imatha kuiumitsa ikapemphedwa ndi apolisi. Mwayi wobweza ndi wochepa, koma umachepera ola lililonse limene mwakhala chete chifukwa cha manyazi. Ngati makwacha anadutsa pa Airtel Money, Mpamba kapena banki, adziwitseninso tsiku lomwelo.

Kenako kudzabwera anthu odzitcha akatswiri obweza crypto yobedwa, ofuna malipiro patsogolo. Ambiri amapeza dzina lanu pamene mwadandaula poyera, ena ndi omwe anakuberaniwo. Musawapatse kanthu.

Konzani za banja

Munthu akamwalira osauza aliyense, crypto yake imakhala pa blockchain mpaka kalekale, ana akuvutika. Kalata ya kwa DC kapena ya khoti ingathandize pa akaunti ya exchange, koma siingatsegule waleti yopanda mawu ake. Sankhani munthu mmodzi wodalirika, kaya mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wamkulu, adziwe kuti chumachi chilipo ndiponso kumene kabotolo kali. Lembani kalata yapadera yofotokoza dzina la waleti, netiweki, ndi mmene angabwezeretsere, koma mawu 12 asakhale m'kalatamo, ndipo kalatayo isungidwe kosiyana ndi kabotolo. Mukhale naye pansi tsiku lina, mutsegule waleti yoyesera ya kandalama kochepa, aibwezeretse yekha inu mukuona. Mumuuzenso kuti tsikulo likadzafika asadzapereke pepalalo kwa mnyamata wodziwa mafoni wa pamsika kuti amuthandize.